Red Bull sanamusumire chifukwa cha mapiko, inali nkhani ya lonjezo

Nkhani ya Red Bull ija, chakumwa chomwe amachitsatsa kuti chimakupatsa mapiko, yabweranso pa gulupu yathu ya WhatsApp ya anthu akuno ku Mulanje, ndipo anthu akungofa ndi phwete, ati azungu akakhuta amasowa chochita, munthu wamkulu wa ndevu zake kukasuma kukhothi chifukwa wamwa chakumwa zaka zambirimbiri koma mapiko osamera. Wina mpaka analemba kuti nayenso akasumira mafuta aja amati amayeretsa khungu chifukwa mpaka pano adakali bii. Kuseka ndinaseka nawo, komatu nkhaniyi imayenda yopotoka, ndipo kupotokako kukutibisira chinthu chomwe ife ogula katundu pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza chikanatithandiza.

Mlandu wake unali ku New York ndipo mu 2014 kampaniyo inavomera kutulutsa madola 13 miliyoni kuti uthe. Za mapikozo palibe anazitenga ngati zenizeni. Odandaula ankati zotsatsa za kampaniyo zimauza anthu kuti chakumwachi chimawonjezera mphamvu, chimathandiza kuika maganizo pa ntchito ndi kuchita zinthu mwachangu kuposa zakumwa zotchipa, chonsecho kachitini ka 250ml kali ndi caffeine wokwana 80mg, amene sasiyana kwenikweni ndi wa mu kapu ya khofi wamba. Ndiye funso lawo linali loti, nanga mtengo wokwerawo timalipirira chani? Kampaniyo sinavomere kulakwa, inati yangolipira kuti isatayire nthawi ndi ndalama mmakhothi. Aliyense amene anagulako ku America pakati pa 2002 ndi 2014 ankatha kulembetsa kuti alandire madola 10 kapena zakumwa za madola 15, lisiti osafunika, ndiye mwadziwa kale zomwe zinachitika, anthu anakhamukira pa webusaiti ija ochuluka zedi mpaka aliyense anangotsala ndi kangachepe poti ndalama yogawana inali yomweyo.

Mukamawerenga zikalata za milandu ngati imeneyi, yomwe ku America imachuluka koopsa, mumapeza madandaulo awiri amene amayendera limodzi pafupifupi nthawi zonse. Loyamba amalitcha express warranty, kuti wogulitsa analonjeza chinthu poyera koma sanachikwaniritse. Lachiwiri ndi unjust enrichment, kuti kampani yapindula ndi ndalama zomwe siyenera kuzisunga. Ine mmene ndikuonera, ifeyo mtima wathu umathamangira lachiwirili, "wandidyera masuku pamutu", "akulemera ndi thukuta lathu", koma limene limaima kukhothi kawirikawiri ndi loyamba lija, ndipo loyambalo limafuna munthu wosunga timapepala.

Ku America nkhani zogulitsana katundu zili mu buku la malamulo a malonda lomwe amati Uniform Commercial Code, lomwe linatuluka koyamba mu 1952, ndipo gawo lake la 2-313 limatchula njira zitatu zomwe lonjezo lotere limabadwira. Wogulitsa akanena mfundo yeniyeni yokhudza katunduyo kapena kulonjeza kanthu, wadzimanga. Akamufotokoza katunduyo, monga zolembedwa pa katoni kapena pa lebulo zija, wadzimanganso kuti zamkati zifanana ndi zolembedwazo. Akakuonetsa sampulo, zomwe akupatse zikhale ngati sampuloyo. Bola mawuwo akhale ena mwa amene anachititsa kuti malondawo atheke. Ndipo chomwe chimandisangalatsa ine nchoti lamuloli limanena mosapsatira kuti sipachita kufunika wogulitsa atchule mawu oti galanti, ngakhalenso kuti mumtima mwake anali ndi cholinga cholonjeza, ayi, walankhula basi walankhula. Koma gawo lomweli limatsekanso khomo lina, limati kungotamanda katundu kapena kunena maganizo ako pa katunduyo si lonjezo.

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mavenda athu pakamwa Mulungu anawadalitsa. "Iyi ndi namba wani bwana." "Simudzanong'oneza bondo." "Iyi adzaipeza adzukulu anu." Zonsezi nkukometsa malonda, palibe jaji angayeze kuti namba wani amayambira pati. Koma akati thumba ili ndi la 50kg, foni iyi ndi ya 64GB, mbewu iyi imacha pa masiku 90, nsapato iyi ndi chikopa chenicheni, zimenezo zimayezeka, pali sikelo, pali kalendala, pali munthu angatsegule foniyo nkuona. Pamenepo ndi pomwe pali mlandu.

Mzere umenewu si wa lero. Aliyense amene anakhalako mkalasi ya zamalamulo ku Chanco amaudziwa mlandu wa mayi Carlill. Ku London mu 1891, mliri wa chimfine utangopha anthu ambirimbiri ku Ulaya, kampani ina yotchedwa Carbolic Smoke Ball Company inkagulitsa kampira ka labala kokhala ndi mankhwala mkati, umakaika pamphuno nkufinya kuti ukoke mpweya wake. Inalengeza mu nyuzipepala kuti aliyense amene agwiritse ntchito kampirako katatu patsiku kwa masabata awiri koma nkudwalabe chimfine ampatsa mapaundi 100, ndipo pofuna kuonetsa kuti si zocheza inawonjezera kuti yasungitsa kale mapaundi 1,000 ku Alliance Bank. Mayi Louisa Carlill anagula, anatsatira malangizo onse, Januwale wa 1892 chimfine chinawagwira ndithu. Atafuna ndalama zawo kampani ija inayamba kuzembazemba, kukhothi maloya ake nkumati aaa zija zinali zokometsera malonda chabe. Majaji a khothi la apilo anakana, anati munthu wongocheza sachita kutchula banki yomwe wasungitsa ndalama, mapaundi 1,000 aja ndi omwe akusonyeza kuti munalonjezadi. Mayiwo anawina, nkukhalanso ndi moyo mpaka 1942, anafika zaka 96. Poti malamulo athu ambiri a malonda tinatengera ku Mangalande, mlandu umenewu ndi wathunso.

Atsibweni anga amathyola tiyi ku esiteti ina kumtunda kuno. Chaka chatha anasonkhanitsa kandalama nkukagula batire ya sola pa shopu ina pa Limbuli, akuti atopa ndi kukaonera mpira kwa eni ake. Pa batirepo panali sitika yofiira yolembedwa 100Ah ndi manambala akuluakulu, ndipo mwini shopu anawauza kuti TV ndi mababu anayi ziziyaka mpaka tambala woyamba. Kunyumba, dzuwa laswa mtengo tsiku lonse, batire ija inkathima nkhani za 8 koloko zisanathe. Mnyamata wina wokonza zamagetsi atabwera anangoinyamula ndi dzanja limodzi nkuyamba kuseka, akuti batire ya 100Ah yeniyeni ya mtundu umenewu imalemera makilogalamu 25 kapena kupitirira, umachita kuigwira ndi manja awiri uku ukubuula, pomwe iyi mwana wa sitandade 5 akhoza kuthamanga nayo.

Ndinawaperekeza pokabweza. Mwini shopu sanafune zambiri, anangoloza kachidutswa ka katoni komwe anakakhomera pamwamba pa kauntala, kolembedwa ndi zilembo zazikuluzikulu kuti KATUNDU AKAGULIDWA SABWEZEDWA.

"Achimwene, kugula sindikukana ndinaguladi," anatero atsibweni, chipewa chili mmanja. "Koma ine ndinagula handiredi, apa palembedwa handiredi, pa lisiti mwalemba nokha handiredi. Nanga mwandipatsa chani?"

"Madala, ine sindipanga mabatire, ndimangooda. Mwina panelo yanu ndi yaing'ono, kapena ana akumachajira mafoni usiku."

"Ndiye tiyeni tikaiyezetse."

"Ndisiye shopu?"

Taonani kuti atsibweni, omwe sukulu analekezera ku pulaimale, za tambala woyamba zija sanazitchule nkomwe, anadziwa okha kuti zimenezo munthu akhoza kuzikana kapena kunena kuti zinali zocheza. Anakakamira pa nambala. Loya wa ku New York akanachitanso chimodzimodzi, akanangowonjezera masamba 40. Nkhani inakathera kwa tcheyamani wa msika, ndipo anawasinthira ndi batire ina yolembedwa 70Ah yomwe ndi yolemera kuposa ya handiredi ija, imeneyo ikuyaka mpaka lero.

Chinanso chomwe chinawathandiza nchoti sanachedwe, sabata isanathe anali atabwerera. Ku America ichi ndi chinthu chomwe chimagwetsa milandu yambiri ya express warranty isanayambe nkomwe. Gawo la 2-607 limati wogula akazindikira vuto adziwitse wogulitsa pa nthawi yoyenera, apo ayi wataya mwayi, cholinga chake nchoti wogulitsayo apeze mpata wokonza kapena kusintha katunduyo zisanafike patali. Ndiye munthu amene anangolusa chamumtima nkuthamangira kwa loya osauzako kampani, jaji akhoza kumubweza ngakhale katunduyo analidi wabodza. Kusumako nakonso kuli ndi malire, zaka 4 kuchokera pomwe unalandira katunduyo. Ifenso kuno tili ndi chizolowezi chomangodandaula pa bawo ndi mu minibasi miyezi itatu, kenako nkupita kwa mwini shopu chinthu chitachita dzimbiri, lisiti ana anakulungira zitumbuwa.

Tsopano dandaulo lachiwiri lija. Chitsanzo chake chosavuta tonse tinakumana nacho, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba nkulakwitsa nambala imodzi. Munthu walandirayo simunagwirizane chilichonse, sanakulonjezeni kanthu, sanakuberenso, anangoona meseji yalowa ali phee pakhonde pake. Komabe ndalamayo si yake ndipo ayenera kubweza. Unjust enrichment ndi imeneyo, ndipo makhothi amayang'ana zinthu zitatu, kuti wina wapindula, kuti phindulo lachokera kwa iweyo, komanso kuti nkosayenera kuti alisunge. Maganizo amenewa ku Mangalande anayamba kumveka kale ndi jaji Lord Mansfield mu 1760 pa mlandu wa Moses ndi Macferlan, koma khothi lawo lalikulu linadzawavomereza kotheratu mu 1991 pa mlandu wa Lipkin Gorman, pomwe loya wina anaba ndalama za makasitomala ku ofesi kwawo nkukatchovera juga ku kasino ina ya ku London. Kasinoyo sinabe, sinkadziwanso kuti ndalamazo nzakuba, koma inauzidwa kuti ibweze mapaundi opitirira 150,000.

Ndiye maloya a ogula amaitenga mfundoyi nkuiika pa katundu wa mushopu. Amati lebulo yabodza ija ndi yomwe inachititsa kuti munthu alipire zambiri, chinthu chenicheni chikanagulidwa motchipa, kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi komwe kampani yadya mosayenera ndipo kubwezedwe. Batire ya atsibweni ija mwachitsanzo, ngati mphamvu yake inali ya 40Ah koma analipira mtengo wa handiredi, zapamwambazo ndi zomwe akanafuna. Amaiikanso pa chifukwa china, nthawi zambiri wogula sanagule kwa kampani yopanga, anagula mu supamaketi, ndiye kampani imati ife ndi iwe tilibe mgwirizano uliwonse, lonjezo lanjinso. Loya amayankha kuti chabwino, ngati palibe mgwirizano ndiye bwezani zomwe mwadya. Malamulo a makhothi awo amalola kuika madandaulo awiri otsutsana chonchi mu chikalata chimodzi, kuti lina likagwa lina litsale.

Koma majaji ambiri sakondwa nazo. Amati ngati pali mgwirizano kapena galanti yolembedwa yomwe ikukamba za nkhani yomweyo, tsatirani imeneyo, simungadumphe pepala lomwe munavomereza nkumati tiweruzeni mwa chilungamo chabe. Khothi lalikulu la boma la New York linanena zimenezi mu 2012 pa mlandu wa Corsello ndi Verizon, kuti unjust enrichment si pothawira munthu madandaulo ena onse akakanika. Ndipo nzomveka ukaganiza bwino, ngati lebulo sinaname ndiye palibe chosayenera pa ndalama zomwe kampani yalandira, ngati inanama ndiye dandaulo la lonjezo lija lakwana kale. Maboma ena kumeneko amafunanso kuti ndalama yako ikhale inapita kwa kampaniyo mwachindunji, osati kudzera kwa mwini golosale. Nchifukwa chake ndikuti mfundo yomwe imatikoma kwambiri pakamwa ndi yomwe imayamba kufufutidwa. Ine pandekha zimandiwawa, chifukwa kulemera kwa anthu ogulitsa zinthu zafeki timakuona ndi maso, nyumba zikumangidwa, koma kuwawidwa mtima si umboni.

Funso loti amadya ndani pa milandu imeneyi nalonso tisalithawe. Mu 2013 mnyamata wina wa ku Australia anaika pa Facebook chithunzi cha sangweji ya Subway yomwe amaitcha Footlong, kutanthauza mainchesi 12, ataiika pambali pa tepi ikuonetsa 11. Ku America maloya anathamanga, mlandu wa gulu unatsegulidwa, mapeto ake anagwirizana kuti maloya alandire madola pafupifupi 520,000, anthu khumi omwe anatsogolera mlandu alandire madola 500 aliyense, ogula ena onse angolandira lonjezo loti buledi aziyezedwa. Mu 2017 khothi la apilo linataya mgwirizano umenewu, jaji Diane Sykes anati kwa ogula unali wopanda phindu lililonse, makamaka poti zinapezeka kuti ufa wokanda wa buledi aliyense umalemera mofanana, kufupikako kumangochitika pophika. Koma musathamangire kunena kuti zonse nzamasewera. Mu Seputembala 2015 zinaululika kuti Volkswagen inaika pulogalamu yonamiza makina oyezera utsi mmagalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse, uku ikuwatsatsa kuti ndi a dizilo waukhondo, ndipo mu 2016 inavomera mgwirizano wa madola 14.7 biliyoni ku America kokha, kuphatikizapo kugulanso magalimotowo kwa eni ake. Pamenepo anthu analandiradi ndalama zogwirika.

Chimene chimachititsa kuti kumeneko munthu asume pa chinthu cha madola awiri si kukhuta ayi. Loya amagwira ntchito osalipiritsa kaye, amadzatenga gawo lake mlandu ukawina, anthu masauzande amamangidwa mu mlandu umodzi, komanso kawirikawiri ukaluza sulipira maloya a mnzakoyo. Kuno ukaluza mlandu nthawi zambiri khothi limakuuza kuti ulipire zomwe mnzako wawononga, ndiye ndani wa ku Thyolo angaike mbuzi zake pachiswe chifukwa cha chaja ya foni?

Sikuti tilibe pogwira. Sale of Goods Act yathu, yomwe inatengera lamulo la ku Mangalande la 1893, imati katundu wogulitsidwa pomufotokoza afanane ndi mmene anamufotokozera, wogulitsidwa poonetsa sampulo afanane ndi sampulo. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003. Tili ndi Malawi Bureau of Standards yoona za miyezo ndi ubwino wa katundu, tili ndi CAMA, bungwe loimira ogula, komwe a John Kapito akhala akukuwa zaka zambiri. Ndipo tili ndi CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa komanso kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, ndipo kukadandaula kumeneko sikufuna loya. Kachikatoni kaja ka pamwamba pa kauntala, a CFTC akhala akunena mobwerezabwereza kuti wogulitsa sangadzichotse pa udindo wa katundu wowonongeka kapena wabodza pongolemba mawu otero. Mwini shopu uja mwina sakudziwa, mwinanso akudziwa koma akudziwanso kuti ifeyo sitikudziwa.

Zomwe ndimachita ine masiku ano anthu amandiona ngati wovuta. Wogulitsa akati galanti miyezi 6 ndimati lembani pa lisiti, akati olijino ndimati lembaninso, ndi nambala ya chinthucho. Ndimajambula lebulo ndi foni ndisanachoke pa kauntala, katoni sindimapatsa ana. Ngati tinakambirana pa WhatsApp sindifufuta. Ena akamva zolemba amasintha nkhope nkuyamba kunena kuti aaa galantiyo ndi ya wiki imodzi, ndiye umadziwiratu kuti miyezi 6 ija inali nyimbo chabe.

Pomwe pamandivutabe mutu ndi pa mbewu ndi feteleza. Batire umaidziwa sabata yomweyo, koma paketi ya mbewu ya chimanga yopakidwa utoto umadzaidziwa Febuluwale ngaiyaye zitakanika, wogulitsa anali wa pa tebulo tsiku la msika ndipo anasamuka kalekale, kampani yomwe dzina lake lili pa paketiyo ikuti si yathu imeneyo anatikopera. Lonjezo lilipo, lalembedwa bwinobwino ndi masiku ake okhwimira, koma amene analonjeza sakuoneka, ndipo amene akuonekayo sanadye ndalama yako. Chimodzimodzi katundu wolowera pa Muloza kuchokera ku Milange pa njinga, wopanda dzina la amene anamuitanitsa. Pamenepo madandaulo awiri onse aja alibe womugwira, chatsala nkugula kwa agro dila wokhala ndi shopu yokhazikika ndi chiphaso chopachika pakhoma, ngakhale mtengo wake ukhale wokwererapo.